Mutu 18: Wosamalira Anthu Aulumali kwa Kanyenda

Dera la Mfumu Kanyenda lili kumpoto kwa boma la Nkhotakota, m'mphepete mwa Nyanja ya Malaŵi. Kum'maŵa kwake kuli nyanja ndipo kumadzulo kuli mapiri. Mtsinje wa Dwangwa umatsika m'mapirimo ndi kudutsa m'minda ya nzimbe usanathire m'nyanja. Anthu a m'derali amalima chinangwa, mpunga, chimanga ndi nzimbe. Ena ndi asodzi a usipa, utaka ndi chambo, pamene ena amagwira ntchito pa fakitale ya shuga ya ku Dwangwa.

M'midzi ya kwa Kanyenda, monga momwe zilili m'midzi ina yonse ya m'Malaŵi, muli anthu ena amene saona, ena amene samva ndi ena amene sangathe kuyenda okha. Ameneŵa ndi anthu aulumali. Kalembera wa chaka cha 2018 adapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 5 kapena kuposerapo, anthu pafupifupi 10 adali ndi ulumali wa mtundu wina wake. M'dziko lonse chiŵerengero chawo chidaposa 1,500,000.

Ulumali umabwera m'njira zosiyanasiyana. Ana ena amabadwa nawo. Ena amaupeza chifukwa cha matenda monga chikuku, poliyo ndi malungo aakulu amene amafika ku ubongo. Enanso amalumala pa ngozi ya pamsewu, pogwa mumtengo, popsa ndi moto kapena pogwidwa ndi ng'ona kudooko. Okalamba ambiri amasiya kuona chifukwa cha ng'ala. Ulumali sudza chifukwa cha ufiti kapena tsoka la makolo, ndipo munthu sangautenge pogwirana chanza kapena podyera mbale imodzi ndi mnzake waulumali. Akuluakulu adati, "Lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza." Mwambi umenewu ukutanthauza kuti munthu aliyense, ngakhale amene ali wamphamvu lero, angathe kulumala maŵa.

Wosamalira ndani?

Munthu amene amathandiza mnzake waulumali pa moyo wa tsiku ndi tsiku amatchedwa wosamalira. Kaŵirikaŵiri wosamalira amakhala wachibale: mayi, bambo, agogo, mlongo kapena mbale. Nthaŵi zina amakhala munthu wodzipereka wa m'mudzi momwemo amene adaphunzitsidwa ntchitoyi. Palinso ena amene adachita maphunziro apadera ndipo amalandira malipiro pogwira ntchito imeneyi m'zipatala ndi m'mabungwe.

Pali njira ziŵiri zothandizira munthu waulumali. Njira yoyamba ndiyo kumuchitira chilichonse: kumusambitsa, kumuveka, kumudyetsa ndi kumunyamula kulikonse kumene afuna kupita. Njira imeneyi imaoneka ngati chikondi chachikulu, koma imamusiya munthuyo ali wosadziŵa kudzichitira kanthu. Njira yachiŵiri ndiyo kumuphunzitsa kuti azichita yekha zonse zimene angathe, ndi kumuthandiza pokhapo pamene pamuvuta.

Wosamalira wanzeru amasankha njira yachiŵiriyi. Iye amafanana ndi msodzi amene akuphunzitsa mwana wake kupalasa bwato. Poyamba msodziyo amagwira nkhafi pamodzi ndi mwanayo. Kenaka amaigwira pang'ono chabe. Potsiriza amamusiyira nkhafiyo ndi kukhala phee kumbuyo kwa bwato, maso ali pa mwanayo.

Mnyamata amene sankachoka pakhonde

M'mudzi wina umene uli pakati pa nyanja ndi msewu wa M5 mudali mnyamata wa zaka 11 amene adasiya kuona atadwala chikuku ali ndi zaka 6. Makolo ake adali kumukonda kwambiri. Koma chifukwa choopa kuti angagwere m'dzenje kapena kupsa ndi moto, sadali kumulola kuchita kanthu. Kukacha amake adali kumusambitsa, kumuyalira mphasa pakhonde ndi kumukhazika pamenepo. Anzake akamapita kusukulu kapena kukaseŵera kumchenga, iye adali kungomva mawu awo akuzimiririka. Akafuna kupita kuchimbudzi adali kudikira mpaka amake atabwerako kumunda.

Tsiku lina pakhomopo padafika mayi wina wodzipereka amene adali kuyendera anthu aulumali m'midzi ya m'deralo. Atalonjerana ndi eni nyumba, mayiyo adatembenukira kwa mnyamata uja.

"Mwananga, ndi chinthu chiti chimene umalakalaka utamachita wekha?" adafunsa motero.

Mnyamatayo adakhala chete kanthaŵi, pakuti padalibe munthu amene adamufunsapo funso lotere. Kenaka adayankha motsitsa mawu kuti, "Amayi, ndimafuna nditamapita ndekha kuchimbudzi. Ndimafunanso nditafika kunyanja kumene amalume amasokera maukonde."

"Iyayi, amayi, zimenezo sizingatheke," amake a mnyamatayo adaloŵerera. "Mwanayu saona. Akakagwera m'madzi ndidzanena chiyani kwa abambo ake? Ine ndilipo, ndizimuchitira zonse."

"Mukunena zoona, mayi, lero mulipo," adatero wodziperekayo mofatsa. "Nanga tsiku limene mudzagonekedwe kuchipatala, adzamutungira ndani madzi akumwa? Nanga iye akadzakula, inu mutakalamba, zidzatha bwanji? Tiyeni timuphunzitse tikadali ndi mphamvu."

Mawu ameneŵa adaŵafika pamtima amake, ndipo madzulo ake adakambirana ndi amuna awo mpaka adavomera.

Ntchito idayamba ndi zinthu zazing'ono. Abambo ake adamanga chingwe kuchokera pa mzati wa khonde mpaka pa khomo la chimbudzi, nakwirira maenje onse a pabwalo. Onse a pabanjapo adagwirizana kuti chinthu chilichonse chizikhala pamalo pake: ndowa ya madzi kuseri kwa chitseko, chikho pamwamba pa ndowayo, sopo pa mwala wa kubafa. Munthu wosaona amapeza zinthu pokumbukira pamene zimakhala. Choncho amene wasuntha chinthu osamuuza amakhala ngati wamubisira. Patapita masabata aŵiri mnyamata uja adali kupita yekha kuchimbudzi, kusamba yekha ndiponso kuvala yekha. Adali kuzindikira kutsogolo kwa malaya ake pokhudza mabatani.

Pambuyo pake wodziperekayo adamubweretsera ndodo yoyera ndi kumuphunzitsa kagwiridwe kake. Ndodoyi imaloza pansi chakutsogolo, ndipo woyendayo amaigwedezera kumanja ndi kumanzere kuti ikhudze mwala, chitsa kapena dzenje phazi lisanafikepo. Kuyera kwake kumadziŵitsa oyendetsa magalimoto ndi njinga kuti munthuyo saona. Mnyamatayo adaphunziranso kudziŵa njira ndi makutu, khungu ndi mapazi ake. Phokoso la mafunde lidali kumuuza kumene kuli nyanja, ndipo kulira kwa magalimoto a pamsewu kudali kumuuza kumene kuli kumadzulo. Dzuŵa la m'maŵa likamuomba kumaso adali kudziŵa kuti wayang'ana kum'maŵa. Mapazi akayamba kuloŵa mumchenga adali kuzindikira kuti dooko layandikira.

Tsiku lina akuyesa njira ya kunyanja adasokera, napunthwa pa mzere wa chinangwa ndi kugwa chafufumimba. Amake, amene adali kumutsatira chapatali, adafuna kuthamanga kuti akamunyamule, koma wodziperekayo adaŵagwira mkono.

"Dikirani pang'ono, mayi. Sanapweteke ayi. Tangoonani chimene achite," adaŵanong'oneza.

Mnyamatayo adafufuza ndodo yake ndi manja, nadzuka, nasansa fumbi. Adaima chilili kumvetsera mafunde. Kenaka adatembenuka ndi kubwerera m'njira. Amake adagwetsa misozi koma sadamuitane. Tsiku limenelo mnyamatayo adafika kunyanja ndi mapazi ake kwa nthaŵi yoyamba m'zaka 5.

Amalume ake adamulandira ndi chimwemwe. Adamulangiza kuti asamaloŵe m'madzi ali yekha, namukhazika pamthunzi ndi kumuika ukonde wong'ambika m'manja. Kusoka ukonde ndi ntchito ya zala. Poyamba mfundo zake zidali kumasuka ndipo amalume ake adali kumuuza kuti abwereze. Koma pang'onopang'ono ndi mtolo. Pakutha kwa chaka asodzi ena adali kumubweretsera maukonde awo ndi kumulipira.

Wodziperekayo sadalekere pomwepo. Adakambirana ndi aphunzitsi aakulu mpaka mnyamatayo adapeza malo pa sukulu imene idali ndi mphunzitsi wa ana osaona. Kumeneko adaphunzira kuŵerenga zilembo za Braille. Zilembo zimenezi ndi timadontho totukuka papepala timene munthu amatikhudza ndi nsonga za zala. Chilembo chilichonse chimapangidwa posankha timadontho tina mwa timadontho 6. Amene adazipeka ndi Louis Braille wa ku France, amene adabadwa m'chaka cha 1809. Iye adavulala diso ali ndi zaka 3 poseŵera ndi chida cha abambo ake, ndipo pambuyo pake maso onse aŵiri adasiya kuona. Adapeka zilembozi m'chaka cha 1824 ali ndi zaka 15 zokha.

Poyamba mayi wodzipereka uja adali kufika pakhomopo katatu pa sabata. Kenaka adayamba kufika kamodzi pa sabata, ndipo potsiriza kamodzi pa mwezi. Anthu ena adaganiza kuti watopa nayo ntchito. Koma sizidali choncho. Iye adali kubwera mwakamodzikamodzi chifukwa mnyamatayo sadalinso kumusoŵa monga kale. Chimenechi ndicho chizindikiro chakuti wosamalira wagwira bwino ntchito yake.

Njira zina zothandizira

Ulumali uliwonse uli ndi njira zake, ndipo zipangizo zambiri zothandizira zingathe kupangidwa m'mudzi momwemo. Mwana amene miyendo yake ndi yofooka angathe kuphunzira kuima ndi kuyenda pakati pa nsungwi ziŵiri zomangidwa pa mitengo yozikika pansi, akugwira nsungwizo ndi manja. Amene zala zake sizigwira bwino angathe kudya yekha phala ngati chogwirira cha sipuni chakulungidwa ndi nsalu kuti chinenepe. Munthu woyenda pa njinga ya olumala amavutika mumchenga ndi pa masitepe. Motero abale ake ayenera kutsira dothi lolimba m'njira, kukonza potsetsereka pa khomo la nyumba, kukulitsa khomo la chimbudzi ndi kuikamo pokhalira ndi pogwirira. Munthu amene sangathe kudzitembenuza pamphasa ayenera kutembenuzidwa maola 2 alionse kuti asatuluke zilonda.

Poyankhula ndi munthu wosamva, wosamalira amaima moyang'anizana naye pamalo oŵala, osaphimba pakamwa. Amaphunziranso chiyankhulo cha manja ndi kuchiphunzitsa kwa ena a pabanjapo, kuti wosamvayo akhale ndi anthu ambiri ocheza nawo.

Khunyu si matenda opatsirana, ndipo kuchipatala kuli mankhwala amene amachepetsa kugwa. Munthu wakhunyu akagwa, wosamalira amamuchotsa pafupi ndi moto kapena madzi, amamuika nsalu kumutu ndi kumugoneka chammbali. Samuika sipuni kapena chinthu china chilichonse mkamwa. Kunyanja munthu wotereyu ayenera kupita ndi mnzake nthaŵi zonse.

Mwana wachialubino amafunika chipeŵa chachikulu, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza khungu ku dzuŵa. M'kalasi ayenera kukhala kutsogolo chifukwa maso ake saona patali.

Makhalidwe a wosamalira wabwino

Wosamalira wabwino amayamba wafunsa asanathandize. Sakankha njinga ya munthu kapena kumukoka mkono mwadzidzidzi. Potsogolera munthu wosaona, amamulola kuti agwire mkono wake chapamwamba pa chigongono, ndipo iye amayenda patsogolo pang'ono akumuuza za mwala kapena ngalande imene ili m'njira. Amayankhula ndi mwiniwakeyo, osati kufunsa wina kuti, "Kodi ameneyu akufuna chiyani?" Amamutchula dzina lake, osati dzina la ulumali wake.

Wosamalira wabwino ndi wodekha. Kudikira mwana amene akumanga yekha mabatani kumatenga nthaŵi yaitali kuposa kumumangira, koma kuona maso a nkhono nkudekha. Ndi wosunga chinsinsi, pakuti amaona ndi kumva zinthu zimene munthu sangafune kuti ziulutsidwe pachitsime. Ndi wokhulupirika pa ndalama ndi katundu wa munthu amene akumusamalira.

Wosamalira ayeneranso kudzisamalira yekha. Ponyamula munthu ayenera kupinda mawondo, osati kuŵeramitsa msana, ndipo ngati munthuyo ndi wolemera aitane mnzake. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa. Mayi amene amasamalira mwana usana ndi usiku amasoŵa nthaŵi yopita kumunda, kumsika kapena kumaliro. Nchifukwa chake abale, anansi ndi a mpingo kapena a kumzikiti ayenera kulandirana ntchitoyi, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Tanthauzo la kudziimira payekha

Kudziimira payekha sikutanthauza kuti munthu sasoŵanso thandizo la wina aliyense. Palibe munthu wotero pa dziko lapansi. Ngakhale asodzi amphamvu amafuna anzawo pokoka ukonde. Alipo anthu ena a ulumali waukulu amene adzafuna wosamalira moyo wawo wonse. Komabe nawonso angathe kusankha chovala chimene afuna kuvala, ndiwo zimene afuna kudya ndi malo amene afuna kupita. Munthu wodziimira payekha ndi amene amachita yekha zimene angathe, ndipo pa zimene sangathe amanena yekha mmene afuna kuthandizidwira.

Kufunika kwa zimenezi kumaoneka kwambiri pa nthaŵi ya ngozi. Kumapeto kwa mwezi wa Febuluwale m'chaka cha 2024 mtsinje wa Dwangwa udasefukira, ndipo anthu zikwizikwi a kwa Kanyenda adathaŵa m'nyumba zawo kukakhala kumisasa. Pa nthaŵi yotere aliyense amathamanga ndi ana ndi katundu. Munthu wosaona amene amadziŵa njira ya kumtunda, kapena wosamva amene anansi ake amadziŵa kumuchenjeza ndi manja, amapulumuka msanga kuposa amene adazoloŵera kungodikira pakhonde. Wosamalira wanzeru amakonzeratu za ngozi zotere mvula isanayambe.

Mabungwe ndi malamulo

M'chaka cha 1971 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo limene lidayambitsa bungwe la MACOHA loona za anthu aulumali. Bungweli lidatsegula fakitale yoluka nsalu ku Bangwe mu mzinda wa Blantyre, ndiponso sukulu ya ntchito zamanja ku Magomero m'boma la Chiradzulu. Lidayambanso kuphunzitsa anthu odzipereka kuti azithandiza anthu aulumali m'midzi mwawo momwemo. M'chaka cha 1979 padayambika bungwe la Malawi Against Polio lothandiza ana amene adalumala ndi poliyo. M'chaka cha 1999 mabungwe a anthu aulumali eniake adagwirizana ndi kupanga bungwe lalikulu la FEDOMA kuti azidziyankhulira okha.

M'chaka cha 2006 bungwe la United Nations lidavomereza pangano la ufulu wa anthu aulumali, ndipo dziko la Malaŵi lidaloŵa m'panganoli m'chaka cha 2009. Ndime 19 ya panganoli imateteza ufulu wa munthu waulumali wosankha kumene afuna kukhala ndi wokhala pakati pa anzake m'mudzi. M'chaka cha 2012 dziko la Malaŵi lidapanga lamulo loletsa kusala anthu aulumali kusukulu, kuchipatala ndi kuntchito. M'chaka cha 2024 padabwera lamulo latsopano limene lidaloŵa m'malo mwa malamulo aŵiri akale aja, ndipo MACOHA idasintha dzina kukhala MACODA.

Aphunzitsi a ana aulumali amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu. Ku Chilanga m'boma la Kasungu kuli sukulu ya ana osaona, ndipo ku Mua m'boma la Dedza kuli sukulu ya ana osamva. Ana ena ambiri aulumali amaphunzira m'sukulu za kwawo pamodzi ndi anzawo. Chaka chilichonse pa 3 Disembala maiko onse amakumbukira tsiku la anthu aulumali.

Mwana wa sukulu naye angathe kukhala wosamalira. Angathe kuyenda ndi mnzake wosaona popita kusukulu, kuchotsa miyala m'njira ya kuchimbudzi, kuphunzira moni wa manja kapena kusiyira mnzake wachialubino malo akutsogolo. Angathenso kuuza aphunzitsi kapena a mfumu ngati m'mudzi mwake muli mwana amene amatsekeredwa m'nyumba chifukwa cha ulumali. Koma asanachite chilichonse ayenera kuyamba wafunsa mnzakeyo kuti, "Kodi ndikuthandize, kapena uyesa wekha?"

A. Mawu ofunika kuŵadziŵa

ulumali: kusagwira bwino ntchito kwa chiŵalo cha thupi kapena kwa ubongo
wodzipereka: munthu wogwira ntchito mwa kufuna kwake, osayembekezera malipiro
ng'ala: nthenda imene imayeretsa mkati mwa diso ndi kulepheretsa munthu kuona
nkhafi: mtengo wosemedwa wopalasira bwato
dooko: malo a m'mbali mwa nyanja kapena mtsinje pamene pamaima mabwato
chafufumimba: kugwa kapena kugona mimba ili pansi
kusala: kupatula munthu ndi kumumana zimene ena akulandira

B. Yankhani mafunso aŵa m'ziganizo zomveka bwino

1. Kodi dera la Mfumu Kanyenda lili m'boma liti?
2. Tchulani matenda aŵiri ndi ngozi ziŵiri zimene zingabweretse ulumali.
3. Fotokozani njira ziŵiri zothandizira munthu waulumali. Ndi njira iti imene wosamalira wanzeru amasankha?
4. Chifukwa chiyani makolo a mnyamata wa m'nkhaniyi sadali kumulola kuchita kanthu?
5. Kodi mafunde, dzuŵa ndi mchenga zidamuthandiza bwanji mnyamatayo?
6. Chifukwa chiyani mayi wodzipereka adaletsa amake a mnyamatayo kukamunyamula atagwa?
7. Kodi Louis Braille adali ndi zaka zingati pamene adapeka zilembo zake?
8. Mungachite chiyani mnzanu wakhunyu atagwa pafupi ndi moto?
9. Kodi bungwe la MACOHA limatchedwa dzina liti tsopano?
10. Mukadakhala amake a mnyamatayo, kodi mukadavomera malangizo a wodzipereka uja? Perekani chifukwa chake.

C. Miyambi

Perekani tanthauzo la mwambi uliwonse, kenaka pangani chiganizo chanu pogwiritsa ntchito mwambiwo.

1. Lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza.
2. Pang'onopang'ono ndi mtolo.
3. Kuona maso a nkhono nkudekha.
4. Mutu umodzi susenza denga.

D. Mawu a matanthauzo aŵiri

Mawu ena amalembedwa chimodzimodzi koma ali ndi matanthauzo osiyana.

Chitsanzo: khungu
Mwanayu wapsa khungu ndi dzuŵa.
Agogo achita khungu chifukwa cha ng'ala.

Pangani ziganizo ziŵiriziŵiri ndi mawu aŵa: chikuku, mfundo, mtengo, kupalasa, moto.

E. Aneni

Taonani ziganizo ziŵiri izi:

Amayi akumuteteza mwana.
Mwana akudziteteza.

M'chiganizo choyamba munthu wina akuchitira mnzake. M'chiganizo chachiŵiri muli -dzi- amene akusonyeza kuti munthuyo akudzichitira yekha. Sinthani aneni aŵa poikamo -dzi-, kenaka pangani chiganizo ndi mneni aliyense.

1. kusamalira
2. kuthandiza
3. kuphikira
4. kuyankhulira
5. kutembenuza
6. kusankhira

F. Lembetso

Ŵerengani mosamala ndime imene ikuyamba ndi mawu akuti, "Mnyamatayo adafufuza ndodo yake ndi manja." Tsekani mabuku anu ndipo lembani ndimeyo pamene aphunzitsi akuŵerenga.

G. Chimangirizo

Lembani chimangirizo cha ndime zitatu pa mutu umodzi mwa iyi:

1. Mmene ndingathandizire mnzanga waulumali pa sukulu yathu.
2. Tsiku limene ndidaphunzira kuchita chinthu ndekha.

H. Ntchito ya m'magulu

Yendani pa sukulu yanu kuchokera pa chipata mpaka m'kalasi, kumjigo ndi kuchimbudzi. Lembani zinthu zonse zimene zingavutitse mwana wosaona kapena woyenda pa njinga ya olumala. Ngati m'kalasi mwanu muli mwana waulumali, mufunseni maganizo ake poyamba. Kambiranani ndi aphunzitsi anu zinthu zimene mungathe kukonza nokha sabata ino.